Phewa Likababa: Nyeleti Igula Nthawi, Siigula Phewa Latsopano

Mwazolowera kuti patsamba lino ndimakuuzani amene anavala laka ku show ndi amene anaimba ngati wameza maikolofoni. Sabata ino mundikhululukire. Za zovala tiziike pambali, tikambe za phewa. Ee, phewa lomwelo limene ena a inu mukulisisita manje uku muwerenga.

Amene wandibweretsa pa nkhaniyi ndi mnzanga wina wa ku George. Dzina sinditchula, chifukwa anandichenjeza kuti ndikamutchula ndiiwale zolowa mahala pa geti. Ngati munapitako ku ukwati, ku kitchen party kapena ku ka show ka pa bawa mu Matero, munamuona koma simunamuikeko nzeru. Ndiye uja amafika aliyense asanafike, nachoka onse atapita, chisipika chili paphewa. Pakati pa sabata amatsitsa masaka ku Soweto Market. Ali ndi zaka 34, ana awiri, ndi landilodi amene saiwala deti.

Tsiku lina pa Chiweru tili kuseri kwa siteji, fungo la Deep Heat linandipeza iye asanafike. Ndinamuona avala jekete ndi dzanja limodzi, nkhope itakwinyika.

"Boyi, nichani?"

"Ah, palibe. Ni pewa chabe. Nazolako. Mailo nizayenda kulasa ka nyeleti, Monday nizankala mushe."

"Manje walasa kangati?"

Anawerenga zala. "Monga ka 7 so."

Nyeleti 7 m'chaka chimodzi. Zonse kuseri kwa katani mu ka drug store ka m'komboni, popanda munthu womuuza kuti "kweza dzanja tione". Ndinamukakamiza, tinapita kuchipatala. Ine sindine dokota, pepala langa ndi la utolankhani, koma ndinamuperekeza maulendo atatu ndipo mafunso ndiye nchito yanga. Zimene ndinatolako ndi izi: mankhwala ozola ndi nyeleti sizipoletsa phewa. Zimakugulirani chabe nthawi. Funso ndi lakuti nthawi imeneyo muichita nayo chiyani.

Chimene chibaba m'katimo

Phewa ndi mfundo imene imazungulira kupambana ina iliyonse m'thupi. Mutu wa fupa la mkono uli ngati bola yokhala pa kasosa kosazama. Chimene chimaigwira kuti isagwe ndi minofu inayi ndi mitsempha yake, imene madokota amaitcha rotator cuff. Mukamanyamula katundu pamwamba pa mutu tsiku ndi tsiku, mitsemphayo imakhudzana ndi fupa la pamwamba, imatupa, ndipo pang'onopang'ono imayamba kuthetheka monga chingwe cha pachitsime.

Ganizirani zimene phewa la m'komboni limasenza. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilo 20. Saka ya unga ndi 25. Simenti ndi 50. Anyamata oumba mabuloko ndi owotcherera mageti ku Kalingalinga, a mawilibala ku City Market, amayi a ku Mtendere amene amachapa ndi kuyanika zovala za m'mayadi a ku Kabulonga tsiku lonse, makondakita olendewera pa chitseko cha basi, amayi oimba ng'oma ku chilanga mulilo kuyambira m'mawa: onsewa phewa ndiye ofesi yawo.

Ngati vuto ndi mitsempha, kubaba kumamveka m'mbali mwa mkono mukaukweza, ndipo usiku simungagonere mbali imeneyo. Koma pali vuto lina limene madokota amati frozen shoulder, phewa louma. Apa kathumba kamene kamakuta mfundo kamakhwimba, ndipo mkono umakana kukwera ngakhale munthu wina aukweze. Limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka amene ali ndi shuga. Limatha kutenga chaka chimodzi mpaka zitatu kuti limasuke. Ngati amayi anu ayamba kulephera kumanga duku kapena kufikira kumsana povala, musangoti ndi ukalamba. Apimitseni shuga.

Kulinso phewa lokonda kugweluka, la anyamata a bola, ndi kubaba kochokera m'khosi kumene kumatsika mpaka zala kuchita dzanzi. Matenda anayi osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Manje munthu wa kuseri kwa katani, amene sanakugwireni n'komwe, adziwa bwanji kuti lanu ndi liti?

Zozola: zithandiza, koma zili ndi malire

Zozola zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa zotentha ndi zozizira monga Deep Heat ndi timafuta tonunkhira menthol. Izi zimapangitsa khungu kumva kutentha kapena kuzizira, ndiye bongo umaiwalako kubaba kwa m'kati. Zili ngati kukweza volyumu kuti musamve aneba akukangana. Mkangano sunathe, inu chabe simukuumva.

Mtundu wachiwiri ndi gel wa diclofenac, monga Voltaren ndi anzake otchipa. Uyu amalowa pakhungu ndi kuchepetsa kutupa. Ubwino wake ndi wakuti mankhwala ofika m'magazi ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi mapilisi, choncho mimba ndi impso sizivutika maningi. Koma mfundo ya phewa ili m'kati, pansi pa mnofu wochindikala, si monga chala kapena bondo. Gel amathandiza, koma safika ponseponse.

Malamulo ake ndi ochepa, agwireni. Zolani katatu kapena kanayi patsiku monga pepala la m'bokosi linenera, osati paliponse pamene mwakumbukira. Osazola pa chilonda kapena pamene munatemera mphini. Mukazola zotentha musaikepo botolo la madzi otentha kapena kumanga pulasitiki, khungu lingapse. Sambani m'manja musanagwire maso kapena mwana. Amayi apakati ndi anthu amene asima imawayamba akamwa Aspirin kapena Brufen ayambe afunsa. Ndipo ngati papita masabata awiri mukuzola koma palibe kusintha, nkhani yachoka m'manja mwa chubu. Pitani mukaonedwe.

Timabotolo topanda dzina togulitsa m'basi, timene amati tichiritsa phewa, msana, dzino ndi chikondi chomwe, tisiyeni. Mankhwala gulani pa pharmacy kapena shopu imene ili ndi chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno.

Ambiri saima pa kuzola. Amawonjezera Brufen m'mawa, diclofenac masana, Indocid usiku, m'mimba mulibe kanthu, kenaka ka mowa pamwamba. Atatuwa ndi a banja limodzi. Kuwaphatikiza sikuchepetsa kubaba katatu, kumangochulukitsa ngozi ya zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP. Panado ndiye wofatsa, koma naye munthu wamkulu asapitirire mapilisi 8 a 500mg patsiku, ndipo amene amamwa mowa kwambiri achepetse kuposa apo.

Nyeleti si imodzi

Apa ndiye pamene mnzanga anasokonezeka, ndipo ndikhulupirira kuti sali yekha. Tikati "nalasa nyeleti ya phewa" timakamba zinthu ziwiri zosiyana.

Yoyamba ndi ija ya pathako. Kawirikawiri imakhala diclofenac, yemwe uja wa m'mapilisi, kungoti walowera khomo lina. Imagwira maola, mawa lake kubaba kwabwerera. Ngozi zake pa mimba ndi impso ndi zomwe zija, kuwonjezapo chithupsa kapena kulasidwa mtsempha wa mwendo ngati wolasayo sadziwa malo. Ndiyo mnzanga analasa ka 7. Phewa silinaone kanthu.

Yachiwiri ndi ya steroid, ena amati cortisone, imene dokota amalasa m'phewa mwenimweni, nthawi zambiri ataisakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi. Anyamata a ku jimu musasangalale, si steroid yotupitsa chifuwa. Iyi nchito yake ndi kuzima kutupa pamalo pomwepo. Tsiku loyamba kapena lachiwiri phewa lingababe kuposa kale, kenaka m'masiku ochepa limayamba kuzizira. Mpumulo wake umakhala masabata angapo, kwa ena miyezi ingapo. Kwa munthu amene watha miyezi osagona bwino, imeneyi ndi mphatso.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Steroid ikabwerezedwa kawirikawiri imafooketsa mitsempha yomwe ija mufuna ipole. Ndiye chifukwa chake madokota ambiri salola kupitirira katatu kapena kanayi pachaka pa mfundo imodzi, ndipo amasiya miyezi pakati. Kwa odwala shuga, imakweza shuga kwa masiku angapo, choncho muyenera kumapima. Pa khungu lathu lakuda, pamalo olasidwa pangayere kapena kuloweka pang'ono. Ndipo ikalasidwa pamalo opanda ukhondo, tizilombo tingalowe m'mfundo, imene ndi ngozi yaikulu kuposa kubaba kumene munabwera nako.

Mawu awiri kwa anzathu amene ali pa ma ARV. Palibe chamanyazi, uzani dokota mtundu umene mukumwa. Ma ARV ena, maka aja okhala ndi ritonavir, amachititsa kuti steroid ikhalitse m'thupi mpaka kudwalitsa. Ndipo tenofovir, amene ali mu TLD, sagwirizana ndi kumwa diclofenac kapena Brufen kwa nthawi yaitali, chifukwa onse amadutsa pa impso zomwezo. Tengani botolo kapena khadi lanu, dokota aone yekha.

Nthawi imene mwagula

Tsono tinene kuti mwalasidwa nyeleti yoyenera, phewa lazizira. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Kubaba kwatha, ndiye timati tapola. Monday tili pa Soweto, saka paphewa. Pakapita mwezi kubaba kwabwerera, mtsempha wang'ambika kuposa kale, chifukwa alamu imene inali kutichenjeza tinaizima.

Masabata opanda kubaba aja ndi a physio. Nyeleti imatsegula chitseko, physio ndiye amakulowetsani m'nyumba. A physiotherapy alipo mu Lusaka, ophunzira ku Evelyn Hone College ndi ku UNZA, ndipo amasebenza m'zipatala za boma. Nchito yawo si kusisita chabe monga ambiri aganizira. Amakuphunzitsani kulimbitsa minofu yogwira phewa kuti fupa lisiye kukanda mtsempha.

Zambiri zimene anapatsa mnzanga sizifuna ndalama. Kuwerama dzanja limodzi lili pa tebulo, mkono wodwala ukulendewera ndi kuzungulira pang'onopang'ono. Kuyenda ndi zala pa khoma kukwera m'mwamba mpaka pamene payamba kukoka. Kugwira mtengo wa mopu ndi manja awiri, mkono wabwino ukuthandiza wodwala kukwera. Kukoka labala ya chubu cha njinga yomangidwa pa chitseko, chigongono chili chogunda m'nthiti. Mphindi 10 kapena 15, tsiku lililonse. Koma lolani a physio akusankhireni zoyenera vuto lanu, chifukwa zothandiza phewa louma si zonse zithandiza phewa logweluka. Ndipo musayembekezere chozizwitsa pa sabata imodzi. Amawerenga masabata 6 mpaka 12 asanaweruze. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndidziwa zimene mukunena mumtima: "Nikapumula, bana bazadya chani?" Funso la zoona. Palibe amene akuti khalani pakhomo. Nkhani ndi kusintha kasenzedwe. Katundu akhale pafupi ndi thupi, osati pamwamba pa mutu. Saka ya 50 nyamulani awiri. Madzi tungani zigubu ziwiri za malita 10, china dzanja ili china dzanja ilo. Tsitsani chingwe choyanikira zovala. Usiku gonerani mbali yabwino, pilo mutaikumbatira. Phewa likatupa pambuyo pa nchito, ikanipo chozizira chokulunga m'nsalu kwa mphindi 15, ndipo malaiti akapita firiji n'kukhala kabati, nsalu yonyowa ndi madzi ozizira ithandizako. Likakhala louma m'mawa, nsalu yofunda ndiye bwino.

Nanga opaleshoni?

Ena amaiopa ngati imfa, ena amaifuna ngati njira yachidule. Onse alakwa. Mapewa ambiri obaba safika ku mpeni. Opaleshoni imabwera pamene mtsempha wang'ambika kwambiri, maka pambuyo pa kugwa kapena ngozi, pamene phewa likugweluka mobwerezabwereza, pamene mfundo yadyeka, kapena pamene miyezi ya physio ndi nyeleti yapita popanda phindu.

Dziwaninso kuti X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa bwino mitsempha. Ikatuluka yoyera sizitanthauza kuti mukunama kapena kuti wina wakulodzani. Mitsempha imaoneka pa scan ya ultrasound kapena MRI.

Ngati dokota wa mafupa wanena kuti opaleshoni ifunika, muuzeni nyeleti zonse zimene munalasa, ndi madeti ake ngati muwakumbukira. Steroid yolasidwa pafupi ndi tsiku la opaleshoni imakweza ngozi ya tizilombo pa chilonda ndipo ingachedwetse kupola, choncho madokota amafuna papite nthawi, nthawi zambiri miyezi itatu. Musalase "kamodzi komaliza" mwakabisira kuti mumalize season ya maukwati. Fodya naye amachedwetsa mtsempha kugwirana, ndipo shuga wokwera amatero. Miyezi yoyembekezera ndi yosiya fodya ndi kutsitsa shuga.

Ndipo konzekerani thumba. Akasoka mtsempha, mkono umakhala m'nsalu yolendewera pakhosi masabata 4 mpaka 6, ndipo kunyamula zolemera kumadikira miyezi 4 mpaka 6, ena kupitirira. Kwa munthu wodya za tsiku limenelo, theka la chaka si masewera. Kambiranani ndi a chilimba kuti turn yanu igwere mwezi umenewo. Ganizirani nchito imene mungachite ndi dzanja limodzi. Kaloba musayandikire, phewa lingapole inu mutatsala opanda TV ndi matiresi.

Izi sizidikira Monday

Kubaba kwina kwa paphewa si kwa phewa. Thamangani kuchipatala tsiku lomwelo ngati:

Phewa kapena mkono wakumanzere ubaba pamodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta ndi kubanika. Ungakhale mtima.

Phewa latupa, latentha, ndipo thupi lonse likutentha.

Mwagwa kapena mwachita ngozi, mkono ukukana kukwera kapena phewa lasintha maonekedwe. Musalole anzanu a pa ground kulikoka.

Ndinu mkazi, mwezi wakudumphani, m'mimba mubaba ndipo kubaba kukumveka pansonga ya phewa. Ingakhale mimba yokhala m'chubu.

Mukuonda, mukutuluka thukuta usiku kapena mukhosomola kwa masabata. TB imagwiranso mafupa.

Ndipo amene muli ndi sickle cell, phewa lobaba kwa nthawi yaitali musalizolowere. Mutu wa fupa umatha kusowa magazi.

Koyambira

Yambani pa kiliniki ya kwanu, kaya ndi George, Kalingalinga kapena Mtendere. Kuchoka apo kuli zipatala za ku Kanyama, Matero, Chawama, Chipata ndi Chilenje. Zikafuna dokota wa mafupa, amakulemberani kalata yopita ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Kalatayo isungeni monga NRC. Kulinso chipatala cha mafupa cha St John Paul II, chija ambiri akali kuchitcha cha ma Italian. Ngati ndi mwana wosafika zaka 18, Beit CURE ndiyo imaona za mafupa a ana.

Amene muli pa nchito yolembedwa, 1 peresenti ija NHIMA imadula pa malipiro anu ndi ya tsiku ngati ili. Odzisebenzera nawo amaloledwa kulembetsa. Funsani pasadakhale zimene khadi ilipira pa scan, physio ndi opaleshoni. Ngati munavulalira pa nchito, uzani abwana nthawi yomweyo ndipo zilembedwe, chifukwa a Workers' Compensation amafuna mapepala, osati nkhani ya pakamwa.

Popita, lembani pa kapepala: kubaba kunayamba liti, chimene chimakuyambitsa, mankhwala onse amene mwamwa, mwazola ndi kulasa. Valani chovala chosavuta kuvula. Mafunso atatu musatuluke nawo m'thumba: vuto langa ndi chiyani kwenikweni, nyeleti iyi ndi mankhwala anji, ndipo ndibwere liti ngati sizisintha?

Mnzanga uja scan inaonetsa kuti mtsempha wang'ambika pang'ono, sunaduke. Anamulasa steroid imodzi m'phewa, namupatsa miyezi itatu ya physio, kenaka adzaonenso ngati mpeni ufunika. Ku Soweto wayamba waleka. Ku ma show anapempha mwini zida kuti azikhala pa mixer ndi kulumikiza mawaya, masipika anyamule anyamata awiri amene iye akuwaphunzitsa. Ndalama yatsika, sanabise. Mwezi watha renti analipira pawiri, ndipo akazi ake awonjezera tebulo la tomato pa geti. December ikubwera ndi maukwati ake, ndipo ndidziwa kuti mtima ukumuyabwa.

Chiweru chathachi ndinamupeza kuseri kwa siteji, nkhope kukhoma, zala zikukwera pang'onopang'ono ngati buluzi.

"Boyi, upempela?"

"Iwe choka. Nili pa nchito."

Fungo la Deep Heat panalibe. Kaya adzafika ku opaleshoni kapena ayi, tidzamva mu January. Inu amene mwawerenga mpaka pano dzanja lili paphewa, werengani nyeleti zanu za chaka chino. Zikapitirira zala za dzanja limodzi, mukudziwa kopita Monday.

Sabata yamawa tibwerera ku zovala. Pali wina anavala jekete ya boya pa dzuwa la October, ndipo sindinamuiwale.